Belu Lokwapulidwa ndi Tiyi wa ku Uglich

Sitima zonyamula alendo pakati pa Moscow ndi St Petersburg zikanyamuka ku Moscow, kawirikawiri doko loyamba kuima ndi Uglich, tauni ya anthu oposa 30,000 pang'ono m'chigawo cha Yaroslavl. Zimaimapo maola atatu kapena anayi. M'maola amenewo mlendo amalowetsedwa m'matchalitchi awiri, amamva kulira kwa belu lina lotchuka, amamvera amuna angapo akuimba nyimbo za mapemphero, amadutsa pakati pa mabenchi a ogulitsa zidole, ndipo pa maulendo ambiri okonzedwera alendo akunja ankamutengeranso kunyumba ya banja lina kukamwa tiyi. Pobwerera m'sitima amakhala atatsimikiza mumtima kuti waona Russia wakalekale amene zaka sizinamusinthe, kuti waima pamalo pamene mwana wa mfumu anaphedwa, ndi kuti tsopano akudziwa mmene anthu wamba a dzikolo amakhalira. Zonsezi zili ndi choonadi chake, koma chatheka, ndipo theka losiyidwalo ndiye lili ndi nkhani.

Tiyambe ndi madzi enieniwo. Mabuku otsatsa ulendowu amautchula kuti ulendo wa pa Volga, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti Volga ndiye amalumikiza mizinda iwiriyo. Sichoncho. Moscow ili pa mtsinje wa Moskva, St Petersburg ili pa Neva, ndipo Volga, mtsinje wautali kuposa yonse ku Ulaya, wa makilomita pafupifupi 3,530, umalowera kwina, kum'mwera, kukathira m'nyanja ya Caspian. Sitima imangobwereka kachigawo kake. Kuti ifike pa Volga imayamba yadutsa m'ngalande ya Moscow, yotalika makilomita 128, yomwe inakumbidwa kuyambira 1932 mpaka 1937 ndi akaidi a msasa wa Dmitlag mu ulamuliro wa Stalin. Anthu zikwizikwi anafera pa ntchitoyo. Ikachoka pa Volga imalowa m'njira ya Volga–Baltic, yomwe inatsegulidwa mmene ililimu mu 1964, n'kudutsa nyanja za Onega ndi Ladoga isanafike pa Neva.

Ngakhale Volga amene mlendo amamuona pa Uglich si mtsinje wa makolo. Kufupi ndi tchalitchi chofiira chimene aliyense amachijambula pali damu la magetsi. Analiyamba mu 1935, ogwira ntchito ambiri anali akaidi a msasa wa Volgolag, ndipo makina ake oyamba anayamba kupukusa magetsi kumapeto kwa 1940, nthawi yabwino yoti athandize Moscow pa nkhondo imene inafika chaka chotsatira. Madzi atakwera kumtunda kwa damulo, nyumba ya amonke ya Pokrovsky, yomwe inali pafupi ndi Uglich kwa zaka mazana, inagwetsedwa ndipo malo ake anamira. Ku Kalyazin, komwe sitima imadutsa isanafike ku Uglich, nsanja ya belu yomangidwa mu 1800 imatuluka pakati pa madzi. Alendo amathamangira kukhonde la sitima kukaijambula, ena n'kumaganiza kuti anaimanga dala pamadzi kuti ikongoletse mtsinje. Nsanjayo inali pakati pa tauni, pafupi ndi msika. Tchalitchi chake anachiphwasula, koma nsanja anaisiya. Kunsi kwa Uglich kuli nyanja ya Rybinsk, yomwe inayamba kudzazidwa mu 1941, ndipo pansi pake pali tauni yonse ya Mologa. Anthu pafupifupi 130,000 anasamutsidwa kuti nyanjayo ikhalepo. Bata limene mlendo amaliyamikira akamamwa khofi pakhonde la sitima ndi bata la madzi otsekeredwa.

Akatsika padoko, wotsogolera alendo amawalondolera ku kremlin ya Uglich. Ena amadabwa, poti amadziwa ya ku Moscow yokha, koma matauni akale ambiri a ku Russia anali ndi linga lawo lotere. La ku Uglich linali la mitengo ndipo linatha kalekale. Chatsala ndi malowo, nyumba ya njerwa ya akalonga ya m'zaka za m'ma 1480, ndi matchalitchi. Anthu a m'tauniyi amawerenga zaka zake kuyambira 937, ngakhale kuti m'mabuku akale a mbiri imayamba kutchulidwa mu 1148.

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu ya tauniyi. Tchalitchi chofiira cha madenga obiriwira ngati thambo, chimene chili m'mphepete mwenimweni mwa madzi, chimatchedwa cha Dmitry pa Magazi. Zimene pafupifupi mlendo aliyense amachoka nazo n'zakuti pamalopo Boris Godunov anatumiza anthu kukapha Dmitry, mwana wa mfumu Ivan Woopsa, kuti iye atenge ufumu. Zithunzi za pakhoma m'kati mwa tchalitchicho zimaonetsa momwemo, achiwembu atamugwira mwanayo. Wolemba mbiri Nikolai Karamzin analemba momwemo, Alexander Pushkin anapangapo sewero mu 1825, ndipo Modest Mussorgsky analisandutsa sewero loimba limene likuonetsedwabe m'mayiko ambiri. Nkhani ikafika pokhala ndi oilemba otere, kuitsutsa kumakhala ngati mwano.

Zimene zili zotsimikizika ndi izi. Dmitry anabadwa mu 1582 kwa Maria Nagaya, mkazi womaliza wa Ivan. Ivan atamwalira mu 1584, ufumu unapita kwa Fyodor, wamkulu mwa ana ake otsala, munthu wofooka, ndipo amene ankayendetsadi dziko anali mlamu wake Boris Godunov, mchimwene wa mfumukazi Irina. Dmitry ndi mayi ake ndi amalume ake anatumizidwa ku Uglich. Pa 15 May 1591, masana, mwanayo, ali ndi zaka 8, anapezeka pabwalo la nyumba yachifumu ali ndi bala pakhosi, ndipo anamwalira. Mayi ake anakuwa kuti aphedwa, belu linalizidwa, anthu anakhamukira pamalopo, ndipo tsiku lomwelo anapha nduna ya boma Mikhail Bityagovsky, mwana wake, ndi ena angapo amene anawaloza chala.

Patangopita masiku ochepa kunafika gulu lofufuza kuchokera ku Moscow, lotsogoleredwa ndi kalonga Vasily Shuisky. Anafunsa mboni zambiri, kuphatikizapo olera mwanayo ndi anyamata amene ankasewera naye. Zolemba za kafukufukuyo zilipobe mpaka lero. Chigamulo chawo chinali chakuti Dmitry, yemwe ankadwala khunyu, ankasewera masewera oponya mpeni pansi, matendawo anamugwira mpeni uli m'manja, n'kudzibaya yekha pakhosi. Maria Nagaya anakakamizidwa kukhala sisitere, achibale ake anatsekeredwa, ndipo anthu ambiri a ku Uglich analangidwa chifukwa cha chipolowecho, ena n'kuthamangitsidwira ku Pelym, kutsidya kwa mapiri a Ural.

Munthu atha kunena kuti kafukufuku wotumidwa ndi Godunov sakanapeza Godunov wolakwa, ndipo mfundo imeneyo ndi yomveka. Koma tiyeni timuyang'ane Shuisky bwinobwino. Mu 1591 ananena kuti inali ngozi. Mu 1605, munthu wina wodzitcha Dmitry atabwera ndi asilikali kuchokera ku Poland n'kulanda Moscow, Shuisky anavomera kuti mwanayo sanafe konse, ndipo Maria Nagaya naye anamulandira mlendoyo pamaso pa anthu ngati mwana wake. Mu 1606 Shuisky yemweyo anatsogolera chiwembu chopha Dmitry wonamayo, n'kukhala mfumu. Tsopano anafunika Dmitry wakufa, wakufa ndithu, kuti wina asadzukenso ndi dzinalo. Analamula kuti mafupa a mwanayo afukulidwe ku Uglich, apite nawo ku tchalitchi cha Mngelo Wamkulu Mikayeli mu Kremlin ya ku Moscow, ndipo Mpingo unamulengeza kukhala woyera. Koma mwana wodzibaya yekha pa masewera sakanakhala wofera chilungamo. Choncho kunabwera nkhani yachitatu: anaphedwa, wotuma anali Godunov, yemwe panthawiyo anali atamwalira kale mu 1605 ndipo sakanadziyankhira, ndipo kunalengezedwa kuti mwanayo anafa atagwira mtedza m'manja, osati mpeni. Munthu mmodzi, nkhani zitatu, iliyonse yogwirizana ndi zimene zinkamupindulira chaka chimenecho.

Palinso funso loti Godunov akanapindulanji mu 1591. Mpingo wa Orthodox unkaloleza maukwati atatu okha, ndipo Maria Nagaya anabwera pambuyo pa atatuwo, kotero kuti ufulu wa Dmitry wolowa ufumu unali wokayikitsa kale. Fyodor anali akadali ndi moyo ndipo akanatha kubereka. Zoonadi mu 1592 Irina anabala mwana wamkazi, Feodosia, ngakhale sanakhalitse. Godunov anakhala mfumu mu 1598 Fyodor atamwalira wopanda mwana, patapita zaka 7 chifereni Dmitry. Izi sizikumuyeretsa munthuyo, chifukwa sanali wa manja oyera pa nkhani za adani ake. Olemba mbiri mpaka lero ndi ogawikana, ambiri akutsamira ku mbali ya ngozi, ena ku mbali ya chiwembu. Chimene sichoona n'chakuti mlanduwu unatha. Banja la Romanov, limene linatenga ufumu mu 1613 ndipo linazunzikapo m'manja mwa Godunov, linalibe chifukwa chomuikira kumbuyo, ndipo tchalitchi cha miyala chimene alendo amalowamo chinamalizidwa mu 1692, mu ulamuliro wa banjalo, patatha zaka 101 chichitikireni imfayo. Zithunzi za pakhoma zinabwera pambuyo pakenso. Ndi umboni wa zimene anthu ankakhulupirira panthawi yojambulayo, osati wa zimene zinachitika pabwalo masana aja.

M'tchalitchi momwemo muli belu lija linalizidwa tsiku la imfa. Nkhani yake imamveka ngati nthano yopekera alendo, ndipo ambiri amaseka n'kuiika m'gulu la zocheza. Koma iyi ndiye yoona. Boma linaliweruza beluyo ngati munthu woyambitsa chipolowe: analigwetsa pansanja, analizula lilime, analidula khutu limodzi, kutanthauza chogwirira chake, analikwapula zikoti 12 pagulu, n'kulitumiza ku ukaidi ku Tobolsk ku Siberia. Kwa anthu a nthawiyo belu silinali chitsulo wamba. Linali mawu a tauni, loitana anthu pa moto, pa nkhondo ndi pa msonkhano, ndipo kulilanga pamaso pa onse kunali kuuza tauniyo kuti pakamwa pake patsekedwa. Linakhala ku Tobolsk zaka pafupifupi 300, n'kubwezedwa ku Uglich mu 1892 anthu a m'tauniyo atapempha. Wotsogolera alendo amaliliza kamodzi kapena kawiri kuti anthu amve. Kachinthu kamene satchula kawirikawiri n'kakuti olemba mbiri ena amati belu loyambalo linasungunuka pa moto umene unapsereza Tobolsk mu 1677, ndipo ili n'loumbidwanso. Ena amakana. Ine ndimaona kuti ngakhale litakhala lachiwiri, zikotizo zinakwapulidwa ndithu.

Alendo ambiri amaganizanso kuti m'tchalitchi chofiirachi anthu amapemphera sabata iliyonse. Kwenikweni chimayendetsedwa ngati mbali ya nyumba yosungiramo zinthu zakale ya tauniyi, ndipo mapemphero amachitikamo mwa apo ndi apo. Tchalitchi chachikulu chogwira ntchito ndi chija chachikasu chapafupi, cha Kusandulika kwa Ambuye, chomalizidwa mu 1713. Mmenemo mlendo wozolowera matchalitchi a mabenchi amayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala, ndipo ena amaganiza kuti achikomyunizimu ndiwo anachotsa mipando. Mipandoyo sinakhalepo. Akhristu a Orthodox a ku Russia amapemphera ataimirira, ngakhale mapemphero atatalika maola awiri kapena atatu, ndipo timabenchi ta m'mbali mwa khoma ndi ta okalamba ndi odwala. Mulibe limba kapena choimbira chilichonse, mawu a anthu okha. Guwa silioneka, lili kuseri kwa khoma lalitali la zithunzi zopatulika zosanjikizana mizeremizere, ndipo zitseko zake zapakati amadutsapo ndi atsogoleri a mapemphero okha. Amayi amafunda mpango kumutu, abambo amavula chipewa. Wansembe wa parishi nthawi zambiri amakhala wokwatira, ndipo osakwatira ndi amonke, omwe mwa iwo mumasankhidwa mabishopu. Amene amaganiza kuti ndi Akatolika ongovala mosiyana akulakwitsa ndi zaka pafupifupi chikwi, pakuti Roma ndi Constantinople anapatukana mu 1054, patangopita zaka 66 kuchokera pamene kalonga Vladimir wa ku Kyiv anabatizidwa mu 988.

Amene amayembekezera luso la Chirasha chokhachokha amadabwa akakweza maso m'tchalitchi chachikasuchi. Makoma ake anajambulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 motsanzira ojambula a ku Italy, ndipo chithunzi chachikulu cha Kusandulika chinatengedwa pa cha Raphael. Chiyambire mfumu Peter Wamkulu, olemera ndi ophunzira a ku Russia ankayang'ana kumadzulo, ndipo ngakhale tauni yaing'ono ya pa Volga sinafune kutsalira. Wofuna kamangidwe kenikeni ka dzikolo ayenera kuyenda pang'ono kukwera mtunda, kunyumba ya amonke ya Alekseevsky, yokhazikitsidwa mu 1371, komwe kuli tchalitchi cha 1628 cha nsonga zitatu zosongoka ngati mahema. Chinamangidwa tauniyi ikuchira pambuyo poti asilikali a ku Poland ndi Lithuania aiwotcha n'kupha anthu ambiri m'zaka za chisokonezo zimene zinatsatira imfa ya Dmitry. Magulu ambiri a m'sitima safikako, nthawi imawachepera.

Pa za madenga ooneka ngati anyezi, otsogolera alendo amakonda kupereka lamulo losavuta kuloweza: agolide ndi a Khristu, obiriwira ngati thambo okhala ndi nyenyezi ndi a Maria, ndi zina zotero. Ndi chizolowezi chofala, koma si lamulo, ndipo umboni uli pamaso pawo pomwepo, poti tchalitchi cha Dmitry chili ndi madenga a nyenyezi koma si cha Maria. Amuna ovala zakuda amene amaimbira alendo nyimbo ziwiri kapena zitatu nawonso nthawi zambiri si amonke. Ndi oimba ophunzira ntchito yawo, ndipo akamaliza amagulitsa nyimbo zawo pakhomo. Mawu awo sachepa kukoma chifukwa cha zimenezo.

Kuchuluka kwa matchalitchi kumachititsa ena kuganiza kuti anthu a ku Russia ndi opemphera kwambiri, pamene ena amabwera ndi chikhulupiriro chotsutsana nacho, choti chikomyunizimu chinathetseratu chipembedzo. Onse awiri akuphonya. Kuzunzako kunali koopsa: ansembe ambirimbiri anaphedwa kapena kutsekeredwa, tchalitchi chachikulu cha Khristu Mpulumutsi ku Moscow chinaphulitsidwa pa 5 December 1931, ndipo pofika 1939 matchalitchi otseguka m'dziko lonselo anali atatsala mazana ochepa chabe. Koma nkhondo itavuta, mu 1943 Stalin anakumana ndi akuluakulu a Mpingo n'kulola kuti asankhe mtsogoleri wawo, ndipo matchalitchi ena anatsegulidwanso, kufikira Khrushchev, yemwe anadzalamulira pambuyo pake, atayambanso kuwatseka kuyambira 1959. Nyumba zambiri zimene alendo amazigomera zinapulumuka chifukwa zinasandutsidwa nkhokwe, mafakitale kapena malo osungiramo zakale. Lero anthu ambiri akafunsidwa amati ndi a Orthodox, koma opita ku tchalitchi Lamulungu lililonse ndi ochepa. Kumadzaza pa Pasaka, ndi pa Khirisimasi yawo ya pa 7 January.

Pakati pa kremlin ndi doko pali mzere wa ogulitsa. Chidole cha mtengo chotsegula pakati, chokhala ndi china m'mimba ndi chinanso m'mimba mwa chimenecho, chimene amati matryoshka, chimagulidwa ngati chinthu cha makolo akalekale. Choyamba chinasemedwa m'zaka za m'ma 1890 ndi Vasily Zvyozdochkin n'kupakidwa utoto ndi Sergey Malyutin, ndipo chinatchuka chitapata mendulo pa chionetsero cha ku Paris mu 1900. Ngakhale dzina loti Golden Ring, lotchulira matauni akale ozungulira kumpoto chakum'mawa kwa Moscow, linayamba ndi mtolankhani Yuri Bychkov mu 1967, ndipo Uglich inalowetsedwa m'ndandandawo mwalamulo mu 2018. Chinthu chimene chilidi cha Uglich pa mabenchiwo ndi mawotchi a Chaika. Fakitale yake inali m'tauni momwemo, ndipo dzinalo linaperekedwa polemekeza Valentina Tereshkova, mwana wa chigawo cha Yaroslavl, mkazi woyamba kupita mumlengalenga mu 1963, yemwe ankadziwika ndi dzina limenelo pa wailesi ya chombo chake. Fakitaleyo inkalemba ntchito anthu zikwi zingapo ndipo inkatulutsa mawotchi mamiliyoni pachaka. Soviet Union itagwa mu 1991 inayamba kufooka, ndipo m'zaka za m'ma 2000 inagweratu.

Kugwa kwa fakitale ngati imeneyi n'kofunika kukukumbukira pofika pa gawo lomaliza la tsikulo, lokacheza kunyumba ya banja. Alendo ankagawidwa m'timagulu, basi inkawatula pakhomo la nyumba ya matabwa ya mawindo osemedwa mokongola, kapena ya njerwa yokhala ndi dimba kuseri. Mayi wa pakhomopo ankawalandira, womasulira ali pambali. Patebulo pankakhala nkhaka zoviika m'madzi a mchere, kabichi wowawasa, mbatatesi, buledi wakuda, jamu, chitumbuwa cha maapozi kapena cha kabichi, tiyi, ndi botolo la mowa wotcheza pakhomo pomwepo.

Pa kuchezaku pali zikhulupiriro ziwiri zokangana. Ena amachoka atagwidwa mtima, akuti banjalo linangowaitana mwa chikondi. Ena amanyoza kuti zonse ndi sewero. Zoona zake n'zakuti banjalo linkagwirizana ndi kampani yokonza maulendo, linkalipidwa, ndipo m'nyengo ya sitima, kuyambira May mpaka cha mu September mtsinje usanaundane, linkalandira magulu ambiri, mafunso ake omwewomwewo. M'tauni imene ntchito zinachepa ndipo ndalama za penshoni n'zochepa, imeneyi inali njira yopezera ndalama, ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma nyumbayo ndi yawodi, zithunzi za pakhoma ndi za ana awo ndi za agogo amene anapita ku nkhondo, ndipo mabotolo a nkhaka sanagulidwe kuti aonetse alendo. Mlendo ndi mame, amati akuluakulu, ndipo wa ola limodzi asayembekezere kumva za mumtima. Akafunsa za ndale n'kuyankhidwa mwachidule, si kuti mayiyo alibe maganizo. Ali ndi womasulira wa kampani pambali, alendo osawadziwa kutsogolo, ndi mbiri ya dziko imene inaphunzitsa anthu kusunga pakamwa.

Cholakwika chachikulu n'kuganiza kuti umu ndi mmene anthu ambiri a ku Russia amakhalira. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse amakhala m'matauni, ndipo ochuluka a iwo ali m'nyumba zosanja za boma lakale, monga zija za nsanjika zisanu zimene zinamangidwa mwaunyinji kuyambira nthawi ya Khrushchev, za khitchini yoti anthu atatu akalowa yadzaza. Makampani amasankha nyumba ya dimba chifukwa gulu limakwanamo ndipo imajambulika bwino. Komabe dimbalo ndiye chinthu choona kwambiri pa ulendo wonsewo. M'nthawi ya Soviet Union ogwira ntchito m'tauni ankapatsidwa kamunda kunja kwa tauni, kawirikawiri ka mamita 600 a sikweya, komwe ankamangako kanyumba kotchedwa dacha. Chilimwe n'chachifupi, choncho mu August ndi September banja lonse limakhala pa ntchito yokumba mbatatesi, kuthyola bowa m'nkhalango, kuphika jamu ndi kutsekera ndiwo m'mabotolo, n'kuzisunga m'chipinda cha pansi pa nyumba. M'zaka za m'ma 1990, malipiro atasiya kubwera kwa miyezi ndipo ndalama zitatha mphamvu, timinda timeneti ndi timene tinadyetsa mabanja ambiri. Mayi akamatsegula chitseko cha pansi kuonetsa mashelefu a mabotolo, akuonetsa nkhokwe yake, ndipo kunyada kwakeko sikophunzitsidwa ndi kampani.

Mbatatesi imene ili m'mbale nayo si chakudya cha makolo monga ambiri amaganizira. Inachokera ku South America, inafika mochedwa, ndipo boma litayesa kukakamiza alimi kuidzala, m'zaka za m'ma 1840 kunabuka zipolowe m'zigawo zingapo. Dmitry uja sanailaweko. Tiyi anachokera ku China, ankabwera pamtunda kudzera m'tauni ya m'malire ya Kyakhta pambuyo pa pangano la 1727, ndipo kwa nthawi yaitali anali chakumwa cha olemera. Chiketulo chachikulu chonyezimira chija, samovar, sichiphika tiyi ayi, chimangowiritsa madzi. Tiyi amamuphika wowawa kwambiri m'kathipoti kakang'ono, aliyense n'kuthira pang'ono m'kapu mwake n'kusungunula ndi madzi otentha. Mzinda wa Tula ndiwo unatchuka pozipanga kuyambira pamene banja la Lisitsyn linatsegula malo ake mu 1778. Masiku wamba, alendo kulibe, mayiyo amawiritsa madzi m'ketulo ya magetsi ngati wina aliyense.

Botolo lija ndi samogon, kachasu wa kumeneko, wotchezedwa kuchokera ku shuga, tirigu kapena zipatso. Alendo ena amamwa monong'ona poganiza kuti akuswa lamulo, koma kutcheza wakumwa wekha n'kololedwa, choletsedwa n'kugulitsa. Mowawu unafala kwambiri pamene Mikhail Gorbachev anayamba kulimbana ndi uchidakwa mu 1985 n'kuchepetsa mowa wa m'sitolo: anthu anatembenukira ku mapaipi a kukhitchini mpaka shuga anasowa m'masitolo. Patebulo pamenepa wina satha kulephera kunena kuti katswiri wa sayansi Dmitri Mendeleev ndiye anapeza kuti vodka yabwino ikhale ya mphamvu ya 40 peresenti. Kafukufuku wake wa 1865 anali wa mmene spiriti imasakanikirana ndi madzi, sanali wa zakumwa, ndipo muyeso wa 40 unakhazikitsidwa ndi boma pofuna kuwerengera msonkho mosavuta. Zoti munthu aliyense wa ku Russia ndi chidakwa nazonso n'zokokomeza. Vutolo ndi lenileni, linafupikitsa moyo wa amuna ambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1990, koma bungwe la World Health Organization linapeza kuti kamwedwe ka mowa m'dzikolo kanatsika ndi 43 peresenti pakati pa 2003 ndi 2016. Chakumwa cha tsiku ndi tsiku ndi tiyi.

Ndiye pali nkhope. Mlendo amene wayenda mu Moscow masiku awiri osaona womumwetulira amafika ku Uglich atagamula kale kuti anthuwa ndi ouma mtima, kenaka amadabwa mayi wa pakhomo akumukakamiza chitumbuwa chachitatu. Palibe chasintha. Kumeneko kumwetulira munthu wosamudziwa pamsewu popanda chifukwa kumaoneka ngati chinyengo kapena kupepera, pamene amene walowa m'nyumba ndi mlendo, ndipo mlendo sachoka ndi njala. Miyambo ya pakhomo imene otsogolera amachenjeza ndi yoona ndipo imatsatidwa: nsapato zimavulidwa polowa n'kuvala masilipasi a m'nyumba, moni wa dzanja saperekera pakati pa khomo, ndipo wobweretsa maluwa awerenge kuti akhale atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, chifukwa awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi ndi opita nawo kumaliro.

Zambiri mwa izi zoti mlendo wakunja akamwe tiyi ku Uglich tsopano zili m'nthawi yakale. Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu February 2022, makampani a kumadzulo monga Viking anaimitsa maulendo awo a pa mitsinje ya dzikolo, ndipo mabanja amene ankadalira magulu aja anataya gawo la ndalama zawo. Sitima sizinasiye kuima padokopo. Zambiri ndi zomwe zija za nsanjika zinayi zimene zinapangidwa ku East Germany m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo zimadzaza ndi anthu a ku Moscow ndi mizinda ina ya m'dzikolo. Iwowa amalowa m'tchalitchi chofiira, amamva belu, amatsutsana za Godunov poti anamuphunzira kusukulu, amagula tchizi cha ku Uglich, komwe kuli likulu la kafukufuku wa tchizi ndi batala, n'kubwerera m'sitima. Zokaona mabotolo a nkhaka m'chipinda cha pansi pa nyumba ya munthu wina sangalipire, poti ambiri a iwo ali nawo awo ku dacha.